Mbale ya Kompadre

Nicanor Bazán anadzuka Lolemba m'mawa kukhosi kuli gwaa, lilime lili ngati chikopa choyanika padzuwa. Anagugudiza madzi ali chiimire pambali pa mtsuko, kenako anakakhala pa benchi ya chowombera makapeti chake. Anagwira ulusi, n'kuusiya. M'makutu mwake malipenga a ukwati anali asanasiye kulira.

"Kodi madala inu, msuzi wa mole mumadyera pakamwa kapena pachifuwa?" anafunsa mkazi wake Otilia, atatambasula pakhomo malaya oyera amene mwamunayo anavala dzulo lake. "Taonani dontho ili. Ngakhale sopo achita kuthawa."

Nicanor anayang'ana. Anaona chinthu choyera chikugwedezeka, ndi mthunzi wa munthu kumbuyo kwake. Dontho sanalione.

Vuto lake linali limenelo. Ng'ala inali itamera m'maso onse awiri. Munthu amene kale ankasiyanitsa kufiira kwa magazi ndi kufiira kwa njerwa ali kutsidya la msika, tsopano ulusi ankachita kufunsa: "Otilia, uwu ndi wobiriwira kapena wamtambo?" Makapeti a ubweya wa nkhosa ndiwo ankadyetsa nyumbayo kuyambira nthawi ya agogo ake, ndipo Nicanor ankadziwa kuti tsiku limene maso adzatheretu, chowomberacho chidzasanduka pokoleka zovala.

Madokotala a maso ochokera ku mzinda wa Oaxaca amabwera kuchipatala cha kuboma kamodzi pachaka, ndipo chaka chimenecho anamulonjeza malo. Koma Dalia, namwino wa pakiliniki ya m'mudzi, mtsikana wamfupi wosadziwa kukuluwika mawu, anamuuza mosapsatira: "Don Nicanor, shuga wanu akakhala chikwerere, madokotala sakhudza diso. Bala silipola. Mudzabwerera ndi ng'ala yanu, n'kudikira chaka chamawa." Kuyeza magazi komaliza kunali Lachisanu la mlungu womwewo.

Ndiye kuyambira pamene mvula yoyamba inagwa, Nicanor anadzimanga lamba. Buledi wotsekemera wonyika mu chokoleti cha m'mawa, amene kwathu kuno munthu amayamba kudya asanamere mano n'kudzasiya mano atatha, anamutsanzika. Tortiya, zikondamoyo zopyapyala za chimanga, ankadya zongonamiza m'mimba. Zakumwa za m'mabotolo ankangomva anzake akutsegula, psii! iye n'kumeza malovu. Tsiku ndi tsiku mbale yake inali nyemba, nkhwani, masamba a nopali owotcha, mwina dzira lowiritsa. Dzuwa likapendeka ankayenda mpaka kudamu n'kubwerako, Otilia atamugwira chigongono. Lamba anachita kuboolapo bowo latsopano ndi msomali. Anapirira ndithu, tisamunamizire munthu.

Kenako unabwera ukwati wa Yesenia.

Yesenia anali mwana wa Apolinar Ruiz, ndipo Nicanor ndi amene anamunyamula pa ubatizo ali kakhanda. Kuyambira tsiku limenelo amuna awiriwo ankaitanana kuti kompadre, ndipo ubale umenewo kwathu kuno umalemera kuposa wa bere limodzi. Mwana wotere akamakwatiwa, bambo wake wa ubatizo sakhala kumbuyo. Amamukhazika patebulo lalikulu, pansi pa zithunzi za oyera, ndipo abale a mbali zonse ziwiri amabwera mmodzimmodzi, wina ndi mbale, wina ndi kapu, kumupatsa ndi manja awiri atawerama. Mbale yotero siikanidwa. Kuikana ndi kutukwana nyumba yonse, ndi akufa omwe.

Loweruka m'mawa Nicanor analandira chokoleti chathovu ndi buledi wake, nati mumtima, kamodzi sikapha munthu. Masana kunabwera mole wakuda ndi nyama ya nkhukundembo, msuzi umene amayi anachezera kutakasa, wa tsabola wowotcha ndi chokoleti ndi zina zimene sauza amuna. Atangonyambita chala, miyezi yonse ya nkhwani inaiwalika. Kachasu wa mezikali anatsika, keke inatsika, chakumwa chofiira cha m'botolo chinatsikanso. Lamulungu zinali chimodzimodzi. Ndipo poti ndife anthu onena zoona, mbale zina sizinabwere ndi munthu wowerama ayi, Nicanor anachita kuzikodola yekha ndi chala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Panalibe womuletsa. Otilia anali patebulo la amayi kutsidya kwa bwalo, ndipo ena onse sankadziwa kanthu. Za shuga ankadziwa ndi Otilia, Dalia ndi Mulungu basi. M'mudzi mwathu munthu akangomveka kuti ali ndi shuga, anthu amayamba kumuyankhula motsitsa mawu. Amafufuza kuti anadzidzimuka liti kapena anakwiya ndi yani, poti amati matendawa amalowa ndi mantha kapena mkwiyo. Udindo wa paphwando la woyera wa mudzi samupatsanso. Nicanor sankafuna kuti anthu azimumvera chisoni miyendo ikadali yake.

Asanathe kudzidandaula Lolemba m'mawamo, kunja kunamveka ng'oma ndi lipenga. Mwambo unali usanathe. Ukwati ukatha, abale a mkwatibwi amaperekeza zikomo kunyumba ya bambo wa ubatizo. Analowa pageti akuvina, ena atanyamula mphika waukulu wa mole, ena dengu la buledi, wina atasenza nkhukundembo yamoyo yovekedwa nkhata ya maluwa m'khosi. Patsogolo panali Apolinar mwini wake, mimba ikutsogola, mawu atasasa.

"Kompadre!" anafuula, akumukumbatira. "Mwandiveka chilemba m'mudzi muno. Anthu akuti sanaonepo bambo wa ubatizo wolemekeza mbale ngati inu. Mlamu wanga Crisóforo, amene pa chakudya alibe mnzake, wati wakuvulirani chipewa."

"Ulemu ndi wanu, kompadre," anatero Nicanor, akumwetulira ndi mano okha.

Alendo atapita, fungo la mole linadzaza nyumba yonse mpaka mu ubweya. Otilia sanachedwe. Anayamba kugawa msuziwo m'timbale, aka kwa mayi wamasiye wa kuseri, aka kwa aphunzitsi, aka kwa ana a mchemwali wake.

"Masana ano ndiphika nyemba ndi nkhwani," anatero. "Phwando latha, tibwerere kwathu."

"Musandiphikire."

"Mwati bwanji?"

"Ndadya za mlungu wonse m'masiku awiri. Chimene chalowa chiyenera kutuluka Lachisanu lisanafike. Sindilawa kanthu. Madzi okha basi."

Otilia anasiya chipande mumphika. "Dalia anati muzidya pang'onopang'ono, pa nthawi yake. Zosala kudya sananene."

"Dalia ku ukwati kunalibe."

"Nanga mapiritsi?"

"Ndizimwa. M'mimba mopanda kanthu ndiye agwira bwino ntchito, sapeza chowatchinga."

"Ho! Koma ndakwatiwa ndi dokotala osadziwa. Sukuluyo munaphunzira liti, pakati pa mole ndi keke?"

Nicanor anabwerera pa chowombera chake. Kunena zoona, amene ankayankhula mwa iye anali mantha. Ankaona Lachisanu likubwera, ankamva kale mawu a Dalia akumuuza kuti abwerere kwawo, ndipo mtima unkamupweteka akaganiza kuti miyezi yonse ija waitayira m'mbale. Komanso anali atadzikwiyira kwambiri. Munthu akadzikwiyira amafuna chikwapu, ndipo chikwapu chapafupi chinali njala.

Lolemba linadutsa ndi madzi. Lachiwiri Otilia anaika mbale pafupi ndi chowombera, iye n'kuikankha ndi chigongono. Mkaziyo anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anaopseza kuti akamunenera kukiliniki, koma Nicanor anamukumbutsa kuti Dalia ali kuboma mpaka Lachisanu. Nkhukundembo ija anaimangirira pa mtengo wa mapeyala, ndipo tsiku lonse inkangojompha chimanga n'kumalira kulukulu, ngati ikumuseka. Mutu wake unayamba kupepuka. Iye anasangalala, poganiza kuti ndiye shugayo akutuluka.

Lachitatu linali lobweza mphika. Mphika wa kompadre subwerera wopanda kanthu, ndipo sutumidwa ndi munthu wina. Otilia anaikamo mapeyala ndi mazira, nati apite onse.

"Utoto uli pamoto uwo muusiyira yani?" anatero Nicanor. "Njira ya kwa Apolinar mapazi anga amaidziwa kuposa maso. Khalani."

Anamwa piritsi lake, navala chipewa, natuluka dzuwa lili paliwombo. Atafika pafupi ndi tchalitchi, thukuta lozizira linayamba kuyenderera kumsana. Manja ananjenjemera mpaka mazira anayamba kugundana mumphika. Mtima unkagunda ngati wathamanga mtunda, chonsecho ankachita kukwakwaza mapazi. Pageti la Apolinar anafuna kunena kuti odi, koma lilime linalemera, ndipo mawu anatuluka ngati a munthu wochezera pamowa. Mawondo anangoti lobodo, iye khu! pansi, mapeyala mbwee bwalo lonse.

Genoveva, mkazi wa Apolinar, anali kutsuka miphika ya ukwati. Anataya chotsukira n'kukuwa: "Mayo ine! Apolinar, thamangani! Akompadre agwa!"

Apolinar anatuluka akumanga lamba. "Matsire amenewa? Mpaka Lachitatu? Kompadre, mezikali wanga sachedwa chonchi m'thupi."

"Takhalani chete inu, si mowa uwu," anatero Genoveva, atagwira chipumi cha wodwalayo. "Wazizira ngati chule. Kompadre, mukundimva? Lero mwadya chiyani?"

"Si... sindikudya," anatero Nicanor movutikira. Chinsinsi cha miyezi yonse ija chinangopulumuka chokha. "Shuga."

"Shuga! Ndipo mapiritsi mukumwa?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Mayi Maria woyera! Amayi anga ankagwa chomwechi akaiwala kudya. Watsika kwambiri ameneyu. Apolinar, botolo lofiira lija, msanga!"

Atangomva kuti psii, Nicanor analuma mano n'kupotolera nkhope kumbali. "Ayi... maso anga... Lachisanu..."

"Maso a mtembo sachita opaleshoni," anatero Genoveva, atamutsamiritsa pa bondo lake. "Tsegulani pakamwa, apo ayi ndikutsinani mphuno ngati mwana."

Anamwa. Chakumwa chomwe chija anachithawa kwa miyezi, chomwe chija chinamugwetsa ku ukwati, ndicho chinamudzutsa. Pang'onopang'ono kunjenjemera kunachepa, lilime linabwerera m'malo mwake. Anamukhazika pampando pansi pa mthunzi, ndipo poti panalibenso chobisa, anafotokoza zonse: za ng'ala, za madokotala, za nkhwani, za kusala kudya.

Apolinar anamvetsera ali chiimire, manja atapinda pachifuwa. Munthu wa phokoso akakhala chete pamakhala mantha.

"Ndiye mukuti," anayamba motsitsa mawu, "Loweruka lonse, Lamulungu lonse, ine ndimakuweramirani ndi poizoni m'manja, inu n'kumati zikomo?"

"Kompadre..."

"Mundilole ndimalize. Mwana wanga ndinamuika m'manja mwanu asanadziwe n'komwe kuseka. Inu matenda anu simukanatha kuwaika m'manja mwanga? Ndine mlendo ine? Chabwino. Bisani matenda, maliro tidzamva."

"Mbale siikanidwa, kompadre. Mukudziwa."

"Siikanidwa, inde! Koma ndani ananena kuti yonse ilowe m'mimba mwanu? Mukanangondinong'oneza, ine ndikanakhazika Crisóforo kumanja kwanu. Inu kulandira, kulawa, n'kukankhira kwa iye. Munthu uja wadyera odwala theka la mudzi uno, ndipo sanadandaulepo."

Nicanor anatsegula pakamwa. "Theka la mudzi?"

"Nanga mumati pa phwando lililonse amakhala pafupi ndi mkulu wa kwaya chifukwa chiyani? Chikondi? Ngakhale kuimba satha."

Genoveva anaseka chobisa, koma Nicanor sanaseke. Manyazi anamugwira kawiri, a kugwa pageti la eni ake ndi a kuzindikira kuti anasenza yekha katundu amene anzake amathandizana. Nthawi yomweyo anatulukira Otilia, amene mnansi wina anakamuuza, ali wefuwefu, manja ali bii ndi utoto wamtambo. Sanakalipe. Anangoima n'kumuyang'ana mwamuna wake, ndipo Nicanor anamva kupuma kwakeko n'kulakalaka akanangomutukwana.

"Zatha basi," anatero, atagwetsa nkhope. "Ukwati ndadya. Kusala ndalephera. Tsopano botolo lathunthu lili m'magazi. Lachisanu sindipita kukachita manyazi pamaso pa madokotala. Komadre, ngati mole watsalako, ndipatseni. Wakhungu adyeko zokoma."

Otilia anakhala pansi pa chitsa n'kuphimba nkhope ndi manja ake amtambowo. Apolinar anayang'ana mnzakeyo kwa nthawi, kenako anakodola mkazi wake, onse awiri n'kulowa kukhitchini. Kunamveka manong'onong'o, nkhuni zikuthyoledwa, mpeni ukugunda pa thabwa. Nicanor anadikira. Mumtima munali chisoni chachikulu, komanso, tinene zoona, pakamwa panayamba kudzaza malovu.

Patapita kanthawi Apolinar anatuluka. Anali atavala malaya ake a ku ukwati, chipewa atachipanira m'khwapa. Ankayenda pang'onopang'ono, mbale ili m'manja onse awiri. Atafika pamaso pa Nicanor anawerama, chimimba chake chikumupinga, nayankhula ndi mawu a pamwambo.

"Kompadre wanga, bambo wa ubatizo wa mwana wanga Yesenia, landirani kochepaka kochokera m'nyumba yathu. Musatinyoze."

Nicanor ananunkhiza. Unali nkhwani wotentha, nyemba pang'ono, dzira, ndi tortiya imodzi yopinda pambali.

"Uyu si mole."

"Mukukana?" anafunsa Apolinar, akadali chiweramire. "Mukukana mbale ya kompadre, pamaso pa akazi athu? Fulumirani, msana ukundipweteka."

Otilia anachotsa manja kumaso.

Nicanor anatembenukira ku mbaleyo. Ku ukwati anadzikhululukira ponena kuti mbale yotero siikanidwa. Tsopano mawu omwewo anali atamuimirira patsogolo, akupuma movutikira. Anavula chipewa chake, natambasula manja onse awiri.

"Ndalandira, kompadre. Mulungu abwezere pamene mwachotsa."

Anadya mwakachetechete. Nkhwani uja anatsika ali wofunda, ndipo thupi linamulandira ngati nthaka youma ilandira mvula yowaza. Kunjenjemera kotsala kunatha. Atafika pa tortiya anazindikira kuti chinthu chimene chinamumanga pachifuwa kuyambira Lolemba chamasuka. Lachisanu linali lidakalipo, ng'ala inali idakalipo, koma iye anali atabwerera panjira yake yakale, ndipo sanalinso yekha.

"Mawa m'mawa ndibwera ndi ina," anatero Apolinar, akudziwongola ndi kubuula. "Masana ina, madzulo ina. Ndione ngati muli nacho chiwindi chondibweza pageti. Ndipo Lachisanu tipita pa galimoto yanga, mufune musafune."

"Akuphikitsani kawiri amenewa, komadre," anatero Otilia kwa Genoveva, akupukuta m'maso. "Ndimati ndine ndekha ndinakwatiwa ndi wamakani."

"Aaa, komadre, anawaumba tsiku limodzi amenewa, dothi lake limodzi."

Zinachitikadi momwemo. Lachinayi lonse Apolinar ankabwera ndi mbale yophimba ndi kansalu, kuwerama, kupereka, n'kukhala pa mulu wa ubweya mpaka mbaleyo itayera. Dzuwa litapendeka anapita nawo kudamu, akudandaula njira yonse kuti mtunda umenewu anawonjezera ndani.

Lachisanu anafika kuchipatala cha kuboma m'mamawa. Anamutenga magazi pamkono, namuuza adikire panja pamodzi ndi ena a ng'ala, nkhalamba za m'midzi yozungulira zitakhala m'mizere, zipewa zili pamawondo. Anadikira mpaka dzuwa linadutsa pamutu. Nicanor atamva nsapato za Dalia zikubwera, anaimirira n'kuyamba kuulula asanafunsidwe.

"Mwana wanga, ndisakutayitse nthawi. Ndinalakwa. Ku ukwati ndinadya ngati..."

"Ndinamva kale, Don Nicanor. Za mole ndinamva, za pageti ndinamvanso. Mudzi wathu sugona ndi nkhani." Dalia anausa moyo. "Tsiku loyamba lija ndinakufotokozerani, koma maganizo anu anali pa buledi. Kuyeza kwa pachala kumanena za tsiku lomwelo. Magazi a pamkonowa amanena za miyezi itatu yapitayi. Ukwati ulimo, inde. Koma mulinso nkhwani yense uja, ndi maulendo onse a kudamu."

"Ndiye?" anafunsa Otilia, atagwira mkono wa mwamuna wake mwamphamvu.

"Ndiye mwadutsa. Mwangodutsa pang'ono, musadzitame. Mubwere Lachiwiri, ayamba ndi diso lakumanja. Koma zosala kudya muli pa mapiritsi mukadzachitanso, ng'ala inayo ndidzachotsa ndekha ndi supuni."

Nicanor anakhala pansi mwadzidzidzi. Anatulutsa mpweya wautali ngati anausunga kuyambira Lolemba. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka misozi, ndipo sanasamale kuti nkhalamba zinzake zikumva. Mtima wake unakhala pansi.

"Apa ndiye pofunika kamodzi kokondwerera," anatero Apolinar, akusisita manja. Otilia atamutembenukira, anawonjezera msanga: "Madzi, komadre. Ndimanena madzi."

Opaleshoni yake sinatenge nthawi. Anagona tsiku limodzi diso lili lomata, ndipo m'mawa mwake dokotala wina wa manja ozizira anamatula thonje pang'onopang'ono. Poyamba kuwala kunamulasa, misozi n'kutuluka. Kenako zinthu zinayamba kukhazikika m'malo mwake. Khoma limene ankaliyesa lotuwa linali lobiriwira. Pazenera panali ntchentche, ndipo anaiona ndi miyendo yomwe. Anayang'ana manja ake, nadabwa kuti akalamba chonchi osamuuza.

Pambali pa bedi panakhala mayi wina wamng'ono thupi, wa malaya a maluwa ofiira. Malayawo ankalendewera m'mapewa. Masaya anali atalowa, ndipo mphete ya ukwati anali ataikulunga ndi kaulusi kuti isavuke.

"Otilia," anatero Nicanor, mantha atamugwira. "Mwadwala? Mwaonda chonchi bwanji?"

"Ndadwala chiyani ine? Nanga mumati ndiziphika miphika iwiri? Inu muzitafuna nkhwani, ine ndizinyika buledi mu chokoleti pamaso panu, poti simuona?"

"Miyezi yonseyi?"

"Nanga ingakhale masiku?"

"Ndi ku ukwati komwe simunadye?"

"Ku ukwati musandinamizire. Ndinadya mpaka Genoveva anachita kundimasulira zipi kumbuyo. Kutacha ndinaphika nyemba zanga, basi."

Dokotala anaseka, natuluka kukaona wina. Nicanor anangomuyang'ana mkaziyo ndi diso lake limodzi latsopanolo, imvi za m'mbali mwa makutu, makwinya a pakhosi, utoto wamtambo wotsalira m'zikhadabo. Anamuyang'ana mpaka Otilia anachita manyazi ngati mtsikana, nayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino.

"Tatsekani diso limenelo," anatero, akuyang'ana kumbali. "Adokotala ati musalitopetse."

Nicanor sanalitseke.